Anapita ali nduna, anabwera ali Mbuya

Agogo anga aakazi ankasunga khadi la chipani m'kathumba ka pulasitiki, n'kulimangirira pamfundo ya chitenje pamodzi ndi makobidi ogulira mchere. Amene anakhalako ku Bangula mwezi wa Okutobala sangafunse chifukwa chake. Kuno dzuwa likafika paliwombo munthu amanyowa ngati wagwera mu Shire, ndipo khadi losakulunga linkasanduka phala mwezi usanathe. Khadi likafufutika, pachipata cha msika pankavuta kudutsa, basi inkavuta kukwera. Ndiye agogowo ankalisamala kuposa mano awo. Mano anatha onse m'kamwa, khadi lili gwa.

Ofunsa makadi masiku amenewo anali anyamata a Yufi ndi Apayoniya. Ndipo mkulu wa Apayoniya onse, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Marka, anali mwana wa kwathu konkuno, wa tsidya ilo la Shire, kwa Mlolo: a Gwanda Chakuamba Phiri.

Ana a masiku ano akamva dzinali amakumbukira nkhalamba yodziwa kuseketsa anthu pamsonkhano, yosintha zipani ngati malaya. Akuluakulu anzanga, tiwauze anawa. Ife tinawadziwa asanakhale Mbuya, dzina lawo likadatchulidwa motsitsa mawu, munthu atayamba wacheuka.

Analowa ndale ali mnyamata, Nsanje ikadali Port Herald, ndipo mmene dziko limalandira ufulu mu 1964 n'kuti ali kale phungu ku Zomba. Mu Seputembala chaka chomwecho nduna zinasemphana ndi Kamuzu. A Chiume, a Orton Chirwa, a Chipembere ndi anzawo anathera kuthawa kapena kubisala, koma mnyamata wa ku Nsanje anatsala pambali pa Ngwazi, ndipo Ngwazi sinaiwale. Anakwera, nakwerabe. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anali nduna ya achinyamata ndi chikhalidwe, nduna yoyang'anira chigawo chonse cha kummwera, komanso mkulu wa Apayoniya aja, amene anali ndi mfuti zawozawo, makampu awoawo, osamva za wapolisi.

Ife a kuchigwa tinkanyada ndithu, ndisaname. Anthu a kumtunda ankatiseka kalankhulidwe, ankatiseka kutentha, ankati kwathu udzudzu umanyamula mwana. Tsono kumva pa wailesi dzina la kwanu likutchulidwa pafupi ndi la Kamuzu kunali ngati kumwa madzi a mumtsuko masana a Novembala. Koma kunyadako kunkayenda ndi mantha, monga mmene munthu amanyadira ng'ona yaikulu ya padooko la kwawo: amaitchula kwa alendo, koma sakasamba pamenepo.

Ndinawaona koyamba ndili mwana wasukulu. Kunena zoona ndinaona fumbi. Tinandanda m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, opanda nsapato, tikusinthanitsa mapazi pamchenga wotentha ngati akakowa a kudambo. Kenaka wina anakuwa kuti akubwera, amayi anayamba nthungululu, galimoto zinadutsa motsogozana, ndipo pawindo la imodzi ndinaona dzanja ndi mkono wa jekete. Basi. Madzulo ake ndinauza agogo kuti ndaona a nduna, ndipo anandifunsa ngati ndinawomba m'manja mokwanira. Sanandifunse kuti a nduna anena chiyani za mtengo wa thonje. Funso limenelo kunalibe. Phungu sankafunsidwa. Anthu ankangomulandira, kumuvinira, kumupatsa mbuzi, n'kumuperekeza.

Kumayambiriro kwa 1980 ng'ona ija inakodwa. A Chakuamba anamangidwa pa mlandu wofuna kuukira boma, ndipo anakazengedwa kubwalo lamiyambo, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Anawagamula zaka 22. Chimene ndimakumbukira ine si chigamulocho ayi, koma mmene dzina lawo linazimiririka pakamwa pa anthu. Dzulo lake linali m'nyimbo, lero lake ngakhale woledzera kachasu ankalilumpha. Amalume anga, amene ankagwira ntchito yonyamula mabelo a thonje, anakhala pakhonde usiku n'kuwerenga zala monong'ona, manja onse kawiri, n'kuwonjeza ziwiri. Anapeza 2002. Tinaseka chamumtima, chifukwa 2002 inkamveka ngati chaka cha m'buku la Chivumbulutso. Anatero amalumewo: "Ameneyu sitidzamuonanso." Anapukusa mutu n'kukagona.

Apa mpamene nkhaniyi imayamba kundikoma, ngakhale poyambira pake ndi pamaliro. Ndende imene inkayenera kuwameza ndi imene inawasunga. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma n'kulengeza kuti achita ngozi ya galimoto. A Albert Muwalo, amene anali mlembi wamkulu wa chipani, anali atanyongedwa kale mu 1977. M'nyumba ya Kamuzu, wokhala pafupi ndi moto ndiye ankayamba kupsa. Mwana wa kwa Mlolo, munthu wotchuka chotero, wamakani chotero, akanakhala panja zaka zimenezo, ndani akudziwa? Koma anali m'kati, ku ndende ya Zomba, akudya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, ali moyo.

Anaphonya zambiri. Anaphonya zaka zimene nkhondo ya ku Mozambique inakhuthulira anthu m'boma la Nsanje mpaka othawa kwawo kuchuluka kuposa eni nthaka, misasa ili mbwee kwa Tengani. Anaphonya kalata ya maepiskopi achikatolika ya mu Malichi 1992, imene inawerengedwa m'matchalitchi anthu akuyang'anana ngati aona mzukwa. Anaphonya ngakhale riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene nyali inagonjetsa tambala wa chipani cha Kamuzu, anthu 63 pa 100 alionse atasankha zipani zambiri. Mwezi wotsatira, Julayi, chitseko chinatseguka. Zaka 13 zinali zitapita, zisanu ndi zinayi za amalume zija zikadalipo.

Tsono gwirani mpando. Munthu wotuluka m'ndende timamudziwa: amabwera kumudzi wowonda, abale amamumeta, amamuphikira nkhuku, amakhala pansi pa mtondo miyezi ingapo kuzolowera dzuwa. A Chakuamba anayamba asuzumira ku UDF, kwa anthu amene ankamenyera kusintha. Posakhalitsa tinangomva kuti abwerera ku MCP, chipani chomwe chinawatsekera, ndipo awapatsa ulembi wamkulu. Mu Okutobala Kamuzu anadwala, anapita naye ku Johannesburg kukamuchita opaleshoni ya m'mutu, ndipo dziko analisiya m'manja mwa khonsolo ya anthu atatu: a John Tembo, a Robson Chirwa, ndi wapampando wake, a Gwanda Chakuamba. Julayi mkaidi, Okutobala akuyendetsa dziko. Miyezi itatu! Mapira amene sacha msanga chotero. Amalume aja anamva pa wailesi ali ndi chikho cha thobwa m'manja, ndipo anachiika pansi bwinobwino, n'kupempha kuti wina awabwerezere, mwina Chingerezi chawasokoneza. Nkhaniyo inali m'Chichewa.

Sizinathere pomwepo. Kumayambiriro kwa Disembala, Apayoniya atawombera asilikali ku Mzuzu, gulu lankhondo linatuluka m'mabalaki n'kuyamba kuwalanda zida, ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Makampu anaphwasulidwa, anyamata oopedwa aja anavula yunifolomu n'kuthawira m'tchire, ena mpaka ku Mozambique. Ndipo pampando wa khonsolo yoyendetsa dziko sabata imeneyo panali yemwe kale anali mkulu wawo. Mlembi wa sewero atalemba zotere, anzake angamuuze kuti wawonjeza mchere.

Kuyambira pamenepo tinayamba kuona munthu wina. Jekete linali lomwelo, mawu amphamvu omwewo, koma tsopano galimoto inkaima. Ankatsika. Ankalankhula Chisena pabwalo, anthu n'kumagwa ndi phwete, ulimba ukulira, amayi akuvina utse fumbi lili koboo. Dzina la unduna linagwa, panamera lina: Mbuya, monga mmene mdzukulu amaitanira gogo wake kuno. Ndipo chimene chinkanditsekemera ine koposa chinali ichi: Mbuya ankapempha. Munthu amene ndinaona mkono wa jekete lake lokha uja anaima padzuwa lomwe lija, thukuta lili kamukamu, kupempha agogo anga opanda mano kuti amuthandize ndi voti. Agogo anabwera kunyumba tsiku limenelo akuyenda ngati mfumukazi. Munthu ankatha kukuwa ali kumbuyo kwa gulu kuti thonje latsika mtengo, kuti kuchipatala kulibe mankhwala, n'kubwerera kwawo kukagona tulo, popanda galimoto yoima pakhomo pake usiku.

Pa 17 Meyi 1994 anaima ngati wachiwiri kwa Kamuzu, ndipo anagonja kwa a Bakili Muluzi. Chigawo cha kummwera chinavala chikasu cha UDF ya a Muluzi pafupifupi chonse, koma kuchigwa kuno tambala anapezako mipando, osati chifukwa chokonda khadi lija, koma chifukwa cha Mbuya. Iwo analowa m'nyumba ya malamulo ngati phungu wa kumpoto kwa Nsanje, kumbali yotsutsa boma. Tangoganizani: munthu amene anakulira m'chipani chimene chinkati kutsutsa ndi kuukira, tsopano ntchito yake ya tsiku ndi tsiku n'kuimirira kutsutsa, boma n'kumamulipira pakutha pa mwezi.

Kamuzu anamwalira mu Novembala 1997, chipani chili kale m'manja mwa a Chakuamba. Pa chisankho cha pa 15 Juni 1999 anagwirizana ndi AFORD, womutsatira wawo ali a Chakufwa Chihana, mkaidi mnzawo wa Kamuzu. Anapeza mavoti 45 pa 100 alionse, a Muluzi 52. Usiku umene zotsatira zinkalengezedwa, ku Bangula mabatire a wailesi anatha m'maokala. Mwana wa kwa Mlolo anatsala pang'ono kulowa ku Sanjika pakhomo lakumaso. Anakasuma kukhoti kuti amubera, khoti silinamuvomere, koma taonani kumene anapita: kukhoti, ndi maloya, munthu amene mlandu wake womwe anazengedwa popanda loya.

Ndipo 2002 ija inafika, chaka cha m'Chivumbulutso, chimene amalume anawerengera kuti mkaidi adzatuluka ali nkhalamba yogwira ndodo, ngati adzatuluke n'komwe. Mu Julayi chaka chimenecho m'nyumba ya malamulo munabwera bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti, kuti a Muluzi aimenso. Aphungu nthawi imeneyo ankakumana ku Lilongwe m'nyumba yachifumu imene anamanga Kamuzu yemwe. A Tembo ndi owatsatira anavomera biluyo. A Chihana anavomera. Mbali ya MCP imene inali ndi a Chakuamba inakana. Pankafunika mavoti 128, panapezeka 125, bilu inagwa ndi mavoti atatu okha. Munthu amene anatumikira pulezidenti wamuyaya, amene anyamata ake ankaonetsetsa kuti aliyense akuimba za umuyayawo, anali m'gulu lotseka chitseko kuti muyaya wina asalowe. Mukandifunsa ntchito imodzi ya uphungu wawo imene ndingaiike patebulo popanda manyazi, ndi imeneyi. Sinamange mlatho, sinakumbe mjigo, koma tonse tikumwabe madzi ake.

Za milatho ndi mijigo, tinene zoona, mbiri yake ndi yopyapyala. Okonda Mbuya amaloza minda ya nzimbe ya ku Nchalo, mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, ntchito za ulimi wa thonje zimene likulu lake linali ku Ngabu, n'kumati zonsezi zinabwera mwana wathu ali pafupi ndi mphika. Mwina dzanja lawo linalipo. Koma masiku amenewo chitukuko chilichonse chinali cha Ngwazi, ndipo kunena kuti nduna yakuti ndiyo yatibweretsera ichi kunali kuikumbira dzenje ndunayo. Atabwerako kundende anakhala nthawi yaitali kotsutsa, kumene kulibe thumba. Mu 1997 madzi osefukira anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo, sitima inaleka kudutsa, ndipo ulendo wopita ku Makhanga, ku Muona, kwawo kwenikweni kwa Mbuya, unasanduka wa pabwato. Malo owolokerawo dzina lake ndi Mtayamoyo, ndipo amene anakwerapo bwato lodzaza njinga, matumba a chimanga ndi mbuzi yomangidwa miyendo, madzi atatsala zala zitatu kuti alowe, sanganene kuti dzinalo n'lokokomeza. Mbuya anakhala phungu, anakhala nduna kachiwiri, anakalamba, anthu akuwolokabe pabwato.

Unduna wachiwiriwo ndi nkhani ina yoseketsa, ngakhale ili ndi pena posaseketsa. Atakangana ndi a Tembo mpaka chipani kung'ambika, anatuluka n'kuyambitsa Republican Party. Pa chisankho cha pa 20 Meyi 2004 anatsogolera mgwirizano wa zipani zisanu ndi ziwiri, wotchedwa Mgwirizano, womutsatira ali a Aleke Banda, amenenso anakhala zaka 12 m'ndende ya Kamuzu. Mbuya ankasankha anzake ngati akuitana mayina pa foleni ya kundende. Anakhala wachitatu, pambuyo pa a Bingu wa Mutharika ndi a Tembo, ndi mavoti pafupifupi 26 pa 100 alionse. Ananena kuti wopambana ndi iwo, ku Blantyre kunabuka zipolowe, ndipo anthu anafa. Patangopita masabata ochepa, anasainirana mgwirizano ndi a Muluzi omwe ankawanena aja. Apa ine sindiseka. Amene anaika maliro sabata zimenezo ali ndi ufulu wosamutcha Mbuya.

Mu Febuluwale 2005 a Bingu anawapatsa unduna wa zamalimidwe, zaka 25 chichokereni m'kabineti. Analowa DPP. Posakhalitsa anawasamutsira ku unduna wa ulimi wothirira ndi madzi, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anawachotsa. Miyezi isanu ndi iwiri. Thonje lobzala mu Disembala limakhalitsa m'munda pafupifupi chimodzimodzi. Anatuluka n'kuyambitsa chipani china, New Republican Party. Kunyumba kwathu kunali dengu limene tinkaikamo nsalu za zipani za Mbuya, ndipo azakhali anga ankati akafuna kudziwa kumene Mbuya ali mwezi uno, amayamba afunsa kaye asanatuluke ndi nsalu, kuopa kuvala ya chaka chatha.

Koma onani kusiyana kwake. Mu 1980 atasemphana ndi mtsogoleri, anasowa zaka 13 ndipo ife tinameza dzina lawo. Mu 2005 atasemphana ndi mtsogoleri, anakwera pansanja n'kumunena masana dzuwa likuswa mtengo, apolisi anawagwira, anatuluka, ndipo ife tinkakambirana nkhaniyo mokweza pa depoti, wokazinga tchipisi akutsutsana ndi wakabaza, wina ati Mbuya walakwa, wina ati wanena zoona, mpaka minibasi ya ku Nchalo kunyamuka kuwasiya.

Chomaliza chimene tinaphunzira kwa iwo sanafune kutiphunzitsa. Mu Meyi 2009 anaimanso kumpoto kwa Nsanje, kwawo, pakati pa adzukulu awo, ndipo adzukuluwo anavotera wa DPP. Anthu omwe aja amene ankagwa ndi phwete pamisonkhano, amene ankavina utse mpaka fumbi kutseka dzuwa, analowa m'kachipinda mmodzimmodzi n'kuchonga pena. Madzulo ake anakamupatsabe moni mwaulemu, mawondo pansi, Mbuya ali Mbuya. Mkulu wa Apayoniya anagonjetsedwa ndi amayi ogulitsa makakana ouma, popanda mfuti, popanda bwalo lamiyambo, ndi bolopeni yomangirira kachingwe. Ine ndinali mmodzi mwa owakonda, koma tsiku limenelo ndinaseka mpaka misozi, ndipo mpaka lero sindidziwa bwino ngati inali ya chisoni.

Anamwalira ku Blantyre pa 24 Okutobala 2016, atapitirira zaka 80, ndipo anakaikidwa kwawo ku Nsanje, akuluakulu a zipani zonse zimene anadutsamo atakhala pamzere umodzi wa mipando. Unali mzere wautali.

Chaka chotsatira kuno ku Nsanje Lalanje kunali chisankho chachibwereza, phungu wathu a Sam Ganda atamwalira. Bangula anaona galimoto zimene sanazionepo. Tambala wakuda yemwe uja, wa pakhadi la agogo, anabwera ndi a Sidik Mia a ku Ngabu, akugogoda khomo ndi khomo, chipewa m'manja. A DPP nawo anabwera ndi zawo. Pa 17 Okutobala 2017 anapambana a Lawrence Sitolo a MCP. Mu 2019 anthu omwewo anatembenuka n'kupereka mpando kwa mayi Gladys Ganda a DPP. Alendo ochokera ku Lilongwe amati anthu a kuchigwa ndi osadalirika. Ife timangoti zikomo, mwayenda bwanji, khalani pamkeka.

Azakhali anga aja, mwana wa agogo a khadi, tsopano ndi nkhalamba nawonso. Pa kampeni ya 2017 analandira nsalu ziwiri, yabuluu ya DPP ndi ya tambala, ndipo onse owapatsa anawathokoza mofanana, mawondo pansi. Yabuluu amayanikirapo mapira. Ya tambala anatchingira pawindo la kuchipinda, akuti ndi yokhuthala, udzudzu sudutsa. Pamfundo ya chitenje chimene amavala pali kathumba ka pulasitiki, ndipo m'menemo muli chiphaso chovotera, chopindidwa bwino kuopa thukuta. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi azakhali, pa awiri aja munachonga uti? Anandiyang'ana nthawi yaitali, akutafuna bwemba, kenaka anandifunsa ngati ndine Mpayoniya.